MWANA WOJAMBULA: KODI ALI KUTAYA NTHAWI?

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa m'boma la Lilongwe. Taisindikiza pano kuti mafumu aiwerenge pamodzi ndi anthu awo pabwalo.

 Masiku onse mumandimva ndili kukamba za manyowa, za mizere ndi za kasungidwe ka chimanga. Lero ndifuna kukamba za ana athu, makamaka ana aja amene manja awo sakhala chete. Akapeza khala ajambula pakhoma, akapeza dongo aumba ng'ombe, akapeza waya apanga galimoto. Makolo ambiri amawakalipira, ena amawakwapula, chifukwa amati ali kutha makope ndi kudetsa nyumba.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi zimenezi zimkhudza bwanji mlangizi wa zaulimi?" Yankho lili m'munda momwemo. Pa kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 17 miliyoni ndi theka, ndipo theka la anthu amenewa anali ana osafika zaka 18. Inu mafumu mudziwa bwino kuposa ine kuti munda sukula. Munda umene agogo analima okha, lero ali kugawana adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo milandu ya malire siikutha pabwalo panu. Ana ambiri anachoka kale kumudzi. Muwapeza ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi kwa Mgona, ali kukhala kwa amalume kapena kwa azakhali awo. Ena ali pasukulu, ena ali kuzungulira kufuna ganyu. Tsono funso langa ndi ili: mwana pochoka pamudzi panu, watenga chiyani m'manja mwake choti akadyere?

Chimene ndifuna kuti mumve lero ndi chimodzi. Luso la kujambula ndi kulinganiza maonekedwe a zinthu likhoza kudyetsa munthu, koma lidyetsa yekhayo amene waphunzira maziko ake. Luso lobadwa nalo lili ngati mbewu yabwino ili m'thumba. Popanda kuibzala pa mzere wake, kuipalira ndi kuithira chakudya, siibala kanthu.

LUSO ILI SI LACHILENDO

Ena amati kujambula ndi zachizungu. Iyayi. Pitani ku Dedza, ku mapiri a Chongoni, mukaone zithunzi zimene zili pamiyala ndi m'mapanga. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zithunzi. Zofiira anajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene anali kuno kale. Zoyera anajambula ndi makolo athu Achewa, alimi ngati ife, ndi dothi loyera, pophunzitsa anamwali ndi pa zinthu zina za mwambo. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linalemba Chongoni pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi. Za Gule Wamkulu sindinena zambiri pa wailesi, eni dambwe mudziwa nokha. Ndingonena kuti bungwe lomwelo linalemekeza gule ameneyu m'chaka cha 2005.

Yang'ananinso pamudzi panu pomwepo. Mayi amene azira nyumba yake ndi kutsutsuta khoma, naika dothi lakuda m'munsi, lofiira pakati, loyera m'mbali mwa zenera, ameneyo ali kusankha mitundu. Bambo woluka dengu kapena lichero awerenga nsungwi zake, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi, kufikira maluwa aoneka. Woumba mtsuko alemba timizere pakhosi pake dongo lisanaume. Onsewa sanapite kusukulu ya zojambula, koma anaphunzira kwa akulu awo, ndipo anaphunzira nthawi yaitali. Palibe mtsikana amene anaumba nkhali yabwino tsiku loyamba.

MLIMI AKUMANA NALO TSIKU NDI TSIKU

Tsopano taonani m'mene ntchito imeneyi ilowera mu ulimi wathu. Mukapita kukagula mbewu ya chimanga, ambiri simunena nambala yake. Mumati, "Ndifuna Kanyani," kapena Mkango, kapena Njovu, ndipo muzindikira thumba lake ndi nyama yojambulidwa. Analipo munthu amene anakhala pansi naganiza kuti mlimi wosadziwa kuwerenga adzazindikira bwanji mbewu yocha msanga ndi yochedwa. Munthu ameneyo analipidwa.

Tengani botolo la mankhwala opopera mbewu. M'munsi mwa pepala lake muona lamba wa mtundu. Wofiira atanthauza kuti mankhwalawo ndi oopsa koposa, ndipo achikasu, obiriwira ndi ena atanthauza kuopsa kocheperapo. Pa lamba womwewo pali tizithunzi ta magolovesi, ta nsapato ndi ta munthu ali kusamba m'manja. Tizithunzi timeneti tapulumutsa anthu amene sakanatha kuwerenga mawu ang'onoang'ono achingerezi.

Kumbukirani pamene mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'minda mwathu m'nyengo ya 2016 ndi 2017. Alimi ambiri anaziyesa kapuchi. Chimene chinatithandiza ife alangizi ndi chithunzi choonetsa zizindikiro ziwiri: pamutu pa mbozi pali chilembo chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za nyumba. Chithunzi cha kamera chionetsa zonse pamodzi, tsamba, dothi ndi ndowe za mbozi. Wojambula ndi manja asiya zosafunika, naonetsa chokhacho chimene mlimi ayenera kuona. Akulu akumbukira magalimoto a Unduna wa Zaulimi amene ankayenda m'midzi ndi kanema ndi zidole zolankhula, ndiponso magazini ya Za Achikumbi. Zidole zija ndi zithunzi za m'magazini ija anapanga ndi anthu a luso olembedwa ntchito.

Chinanso ndi malonda. Kuyambira 2003 Boma linayamba kulimbikitsa magulu a m'midzi kuti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chake chogulitsa, njira imene inachokera ku Japan. Magulu ambiri anaphunzira kuyenga mafuta a mpendadzuwa, kusefa uchi ndi kupera chiponde. Koma uchi wabwino wothiridwa m'botolo lakale lopanda pepala sulowa m'sitolo yaikulu. Pafunika pepala lonena dzina la gulu, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito, lolembedwa mooneka bwino, monga afunira a Malawi Bureau of Standards. Kwa Mgona mtedza ugulitsidwa m'matumba, wambirimbiri. Mtedza womwewo ukakazingidwa, nuikidwa m'kapepala kokhala ndi dzina ndi chithunzi, mtengo wake usintha. Ndalama yapamwambayo agawana ndi wokazinga, wosindikiza ndi wojambula. Kodi nchifukwa ninji wojambulayo asakhale mwana wa m'mudzi mwanu?

NTCHITO ZIMENE ZILI M'MAKOMBONI

Mukadzapita ku Lilongwe kukagulitsa fodya ku Kanengo kapena kukaona odwala, yendani ndi maso otsegula. Pa msika wa ku Kawale kapena wa ku Area 25 werengani zikwangwani. Golosale iliyonse, butchala, chigayo, malo ometera tsitsi okhala ndi mitu yojambulidwa pakhoma, sukulu ya mkaka yokhala ndi zilembo ndi nyama pampanda, zonsezi analemba ndi munthu. Kwa Biwi muona owotcherera zitsulo ali kupinda mageti ndi zotchinga mazenera. Amene adziwa kujambula geti papepala ndi miyeso yake asanadule chitsulo, sataya chitsulo, ndipo mwini nyumba aona chimene ali kugula. Ku Mchesi amisiri a matabwa ali ndi mipando ndi makabati. Kwa Chinsapo matelala ali kusoka za ukwati ndi za chinkhoswe, ndipo kupitirira pang'ono, ku Likuni, kuli nyumba yakale yosindikiza mabuku. Pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town kuli osema ziboliboli ndi ogulitsa zithunzi kwa alendo.

Kulinso ntchito zina zimene makolo athu sanazione. Achinyamata ali ndi tizipinda tokhala ndi kompyuta ndi makina osindikizira. Alinganiza makadi a ukwati, mabaji a sukulu, malaya a mpira, zikwangwani zansalu za misonkhano, chitenje cha mpingo kapena cha bungwe, ndi zithunzi za malonda zimene anthu atumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ntchito ilipo. Koma taonani bwino: pa amisiri asanu okhala mumsewu umodzi, anthu amathamangira kwa mmodzi, ena anayi ali kungokhala. Kusiyana kwawo sikuli pa zipangizo ayi. Kuli pa maziko.

MAZIKO ASANU

Maziko amenewa ndi otani? Ndiwatchula asanu, ndipo muona kuti mlimi wabwino awadziwa kale m'njira yake.

Choyamba ndi diso ndi mzere. Mwana wosaphunzira ajambula zimene zili m'mutu mwake. Mukamuuza kuti ajambule nkhuku, ajambula dzira lokhala ndi timitengo tiwiri. Wophunzira akhala pansi patsogolo pa nkhuku yeniyeni, nayang'ana kumene mwendo upindikira, kumene phiko liyambira, m'mene khosi likhalira nkhuku ikamajompha. Aphunzitsi a luso ili amayamba ndi zinthu wamba: khasu, mtondo, chikho, dzanja la mwini wake. Amajambula chinthu chimodzi kakhumi, kufikira dzanja limvera diso. Mlimi amene ayendera munda m'mawa uliwonse aona tsamba lodwala mnzake asanalione. Diso lake ndi lomwelo.

Chachiwiri ndi muyeso. Ife timati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Mukaphonya muyeso, mwataya zokolola. Wojambula nayenso ali ndi miyeso yake. Munthu wamkulu ataima, msinkhu wake uli ngati mitu yake isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu yosanjikizana, pamene mwana wamng'ono mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Wosadziwa ichi ajambula mwana wooneka ngati nkhalamba yaifupi. Aphunziranso kuchepetsa ndi kukulitsa: sentimita imodzi papepala kuimira mita imodzi pansi, kapena kudula chithunzi chaching'ono m'timabokosi kuti achikulitse pakhoma osachipotoza. Ndipo imani kumapeto kwa munda wanu muyang'ane mizere. Ioneka ngati ili kukakumana kutsogolo, chikhalirecho siikumana. Lamulo limeneli ndilo lichititsa kuti nyumba yojambulidwa papepala losalala ioneke ngati munthu angathe kulowamo.

Muyeso uli ndi ntchito inanso kwa ife alangizi. Mukajambula nankafumbwe wamkulu ngati mbuzi kuti anthu akumbuyo aone, mlimi akhoza kunena kuti, "Kwathu kulibe chilombo chotere." Wojambula wanzeru aika nankafumbweyo pambali pa njere ya chimanga, ndipo aliyense azindikira mdani wa m'nkhokwe mwake.

Chachitatu ndi kuwala ndi mthunzi. Ikani mtsuko pakhomo dzuwa lili kutuluka. Mbali imodzi iwala, ina ida pang'onopang'ono, ndipo pansi pagwa mthunzi. Popanda zimenezi mtsuko papepala ungokhala ngati mbale yafulati. Ichi mwana akhoza kuphunzira ndi khala la pamoto ndi pepala la thumba la simenti.

Chachinayi ndi mitundu. Pali mitundu itatu imene ibala inzake: wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Wachikasu ndi wabuluu abala wobiriwira. Wofiira ndi wachikasu abala mtundu wa lalanje. Mmisiri wodziwa kusakaniza agula zitini zitatu za penti, ndi yoyera ndi yakuda, napeza mitundu yonse. Wosadziwa agula zitini khumi, nataya phindu lake. Ngakhale makina aakulu osindikiza mabuku agwiritsa inki zinayi zokha. Aphunziranso mitundu imene iwerengeka patali. Mawu akuda pa chikasu aoneka munthu ali panjinga, koma ofiira pa chobiriwira apweteka maso.

Chachisanu ndi malembo ndi kayalidwe. Tonse taona chikwangwani chimene mlembi anayamba ndi zilembo zazikulu, malo namuthera, natsiriza ndi tizilembo tothinana kumapeto. Taonanso mawu olakwika pakhoma la sitolo, okhala pamenepo zaka zambiri anthu ali kuseka. Wophunzira ayamba wawerenga zilembo, nayesa bolodi, nalemba ndi choko, penti pambuyo. Adziwa kuti mawu ofunika koposa akhala aakulu, ndi kuti malo opanda kanthu athandiza diso kupuma. Munda wobzala mothinana subereka, chikwangwani chodzaza mawu sichiwerengeka.

Tsono kompyuta bwanji? Achinyamata ena amati zonsezi nzachikale, pakuti makina achita okha. Kompyuta ili ngati thirakitala. Ifulumizitsa ntchito, koma woyendetsa wosadziwa kumene madzi ayenda adzalima mizere yotsika phiri, ndipo nthaka idzakokoloka msanga kuposa ya wolima ndi khasu. Masiku ano kuli ndithu makina a pa intaneti otha kupanga chithunzi mwa kungowauza mawu. Chifukwa cha ichi, munthu wongodziwa kudina adzasowa ntchito. Wotsala ndi amene adziwa kuona kuti chithunzi ichi chalakwika, khasu ili si lakwathu, mawu awa mlimi sawamva.

KOPHUNZIRA KULI KUTI?

Sukulu yoyamba ili pakhomo, ndipo siifuna ndalama. Makala, dongo, mapepala akale ndi pensulo imodzi zikwanira. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, m'mene ana aphunzira kujambula, kuumba, kuluka, kusoka ndi kuimba. Musalole mwana kulipeputsa, ndipo inu a m'komiti ya sukulu funsani ngati lili kuphunzitsidwa ndi manja kapena ali kungolemba notsi pabolodi.

Njira yachiwiri ndi kukhala pa mmisiri. Ambiri olemba zikwangwani ndi osema a mu Lilongwe anaphunzira motere. Njira iyi ndi yabwino, koma kholo lipite lokha likaone mmisiriyo, lione ntchito zake, ndipo apangane pamaso pa mboni za nthawi ya maphunziro, za chakudya ndi za kogona. Pali ana ena amene atha zaka ziwiri ali kutsuka maburashi ndi kutumidwa kumsika, osagwirako ntchito yeniyeni.

Njira yachitatu ndi sukulu za ntchito zamanja, zimene ziyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lokhazikitsidwa m'chaka cha 1999. M'boma lathu lino muli Lilongwe Technical College ndi Namitete Technical College, ndipo ku Area 23 kuli sukulu ya Don Bosco kumene anyamata ndi atsikana aphunzira ukalipentala, kusoka ndi kulinganiza zovala, za kompyuta ndi zina. Kuyambira 2015 Boma linayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Mmisiri wa matabwa, womanga nyumba ndi wowotcherera, onse aphunzira kuwerenga ndi kujambula pulani. Mwana wozolowera pensulo apeza zimenezi zosavuta.

Kwa osema ndi ojambula za chikhalidwe chathu, ku Mua m'boma la Dedza kuli Kungoni, malo amene anayambitsa Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. Osema ambiri anaphunzira kumeneko, ndipo ntchito zawo zili m'matchalitchi a kuno ndi a kunja. Ku Dedza komweko fakitale ya zoumba ionetsa kuti dongo lathu lomweli, likapakidwa ndi kuotchedwa mwaluso, ligulidwa ndi alendo ochokera kutali.

Njira yachinayi ndi yunivesite. Ku Zomba, pa University of Malawi imene kale tinkaitcha Chancellor College, aphunzitsa zojambula ndi zosema, ndipo kumeneko anaphunzitsako akatswiri monga Kay Chiromo ndi Willie Nampeya. Ku Blantyre, pa MUBAS imene kale inali Polytechnic, aphunzitsa kujambula mapulani a nyumba. Kumeneku salowa munthu wopanda satifiketi yabwino ya MSCE. Ndipo apa ndifuna kunena ndi anyamata amene muli kumvera pamodzi ndi makolo anu. Musanene kuti, "Ine ndine wojambula, masamu ndi Chingerezi ndilibe nazo ntchito." Wosadziwa masamu sangawerengere mtengo wa penti ndi phindu lake. Wosadziwa kulemba bwino Chichewa ndi Chingerezi adzalemba zolakwika pa chikwangwani cha mwini wake, nabweza ndalama.

Kodi njira imeneyi ifika kutali motani? Akulu owerenga nyuzipepala akumbukira Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, zithunzi zoseketsa zimene anthu ankathamangira asanawerenge nkhani. Samson Kambalu, wobadwa m'chaka cha 1975, anaphunzira zojambula ku Chancellor College, nafika pokhala mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Oxford. M'chaka cha 2022 chifaniziro chimene iye anapanga, choonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, chinaimikidwa pa Trafalgar Square pakati pa mzinda wa London, ndipo chinakhala pamenepo kufikira 2024. Sindinena kuti mwana aliyense adzafika ku London. Ambiri adzafika pa kashopu ka ku Kawale, nadyetsa banja, natumiza ya feteleza kumudzi. Chimenecho si chinthu chochepa.

ZOYENERA KUCHENJERA NAZO

Sindifuna kukunamizani, abale anga. Ntchito imeneyi ili ndi minga yake. Wolemba zikwangwani salandira malipiro a pamwezi. Mwezi wina ntchito ichuluka, monga nthawi yokolola ndi ya maukwati, mwezi wina palibe. Osema adalira alendo, ndipo m'chaka cha 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseka maulendo, ambiri anakhala ndi katundu wopanda womgula. Chifukwa chake musagulitse munda kapena ng'ombe zonse kuti mugulire mwana kompyuta asanaonetse khama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ayambe ndi pensulo, adzaze makope, agwire ntchito zazing'ono, makina abwere pambuyo. Ndipo asasiye khasu. Mmisiri amene ali ndi chimanga m'nkhokwe sagulitsa ntchito yake motchipa chifukwa cha njala.

Chenjerani ndi sukulu zongomera m'makomboni zolonjeza satifiketi pa masabata ochepa. Funsani ngati zili zolembetsedwa ku TEVETA, ndipo pemphani kuona ntchito za ophunzira akale. Safunsa anadya phula.

Luso lomweli likhozanso kuononga. Pali anthu amene apaka chimanga wamba utoto, nachiika m'matumba osindikizidwa mofanana ndi a kampani ya mbewu. Mlimi agula, abzala, nalira pokolola. Thumba lonyengalo anapanga ndi munthu wa luso. Ena apanga zidindo ndi masatifiketi abodza. Mathero a zonsezi ndi ndende. Langizani ana anu kuti ntchito yotere aikane, ingakhale ndalama yake ichuluke. Komanso lamulo liteteza ntchito ya wojambula woona. Lamulo la 2016 la umwini wa zaluso liletsa kukopera chithunzi cha munthu ndi kuchigulitsa popanda chilolezo chake, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani zotere.

Chotsiriza pa machenjezo ndi mitengo. Wosema afuna mlombwa, mbawa ndi phingo, mitengo yochedwa kukula. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa monga Dzalanyama popanda chilolezo. Mudzi umene uli ndi osema ukhale ndi nazale yake, ndipo wosema aliyense abzale chaka ndi chaka. Ife alangizi ndi anzathu a zankhalango tili okonzeka kuthandiza.

CHOCHITA MAFUMU NDI MAKOLO

Tsono nditsirize ndi zochita, pakuti nkhani yopanda zochita ili ngati mtambo wopanda mvula.

Choyamba, makolo, mwana wojambula musamkwapule. Mpatseni nthawi yake atabwera kumunda ndi kusukulu, ndipo mpatseni kope lakelake kuti asathe makope a masamu. Sungani zojambula zake m'chikwama chouma, pakuti mmisiri kapena mphunzitsi adzafuna kuona ntchito, osati mawu. Mtsikana mumchitire chimodzimodzi ndi mnyamata. Zithunzi zambiri zoyera za ku Chongoni zinali za chinamwali cha amayi.

Chachiwiri, mafumu, dziwani amisiri a m'mudzi mwanu, oluka, oumba ndi osema, ndipo pemphani kuti apite kusukulu tsiku lina akaonetse ana. Nkhalamba yoluka ikamwalira yosaphunzitsa munthu, mudzi wataya chuma.

Chachitatu, ntchito za pamudzi perekani kwa ana a pamudzi. Kalabu ya alimi ifuna chikwangwani pa munda wachitsanzo. Nkhalango ya mudzi ifuna chikwangwani. Komiti ya chitukuko ifuna mapu oonetsa mijigo, madambo, manda ndi malire. Gulu la amayi lifuna pepala la pa botolo la uchi. Itanani mnyamata kapena mtsikana wanu, muoneni ntchito, ndipo akalakwitsa abwereze.

Chachinayi, mulipireni. Pali chizolowezi choipa chonena kuti, "Ndi mwana wathu yemwe, angotilembera." Womanga nyumba mumlipira, wosoka mumlipira. Wojambula nayenso wagula penti, wataya tsiku. Ngati ndalama palibe, nkhuku kapena ndowa ya mtedza ndi malipiro ndithu. Mwana amene walandira nkhuku chifukwa cha ntchito ya manja ake adziwa kuti luso lake ndi ntchito, ndipo adzalisamala.

Chachisanu, inu amene ana anu ali kale m'tauni, pokawaona afunseni chimene ali kuphunzira. Lankhulani ndi amalume awo amene ali kuwasunga. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mnyamata wongokhala pa siteji ya minibasi tsiku lonse ndi nkhawa ya mudzi wonse.

M'mera mpoyamba. Mtengo tiuwongola ukali waung'ono, ndipo dzanja la mwana liphunzira msanga kuposa la wamkulu. Amene muli ndi mafunso, kaonaneni ndi mlangizi wa m'dera lanu kapena mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu, iwo adzakulozerani ku ofesi yoyenera. Sabata yamawa tidzabwerera kumunda, tidzakamba za kukonza manyowa a m'dzenje mvula isanagwe.